Anyamata oimba a ku Leipzig: bwanji amagonera kusukulu?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimaphunzitsa kwaya ya ana kutchalitchi kwathu. Posachedwa ndinaonera pa YouTube kwaya ya anyamata okhaokha ya ku Leipzig, m'dziko la Germany, yotchedwa Thomanerchor. Pansi pa kanemayo analemba kuti yatha zaka zoposa 800 ndipo anyamatawo amagonera kusukulu. Kodi n'zoona? Inayamba bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani mulibe atsikana? Nanga si nkhanza kuchotsa mwana wa zaka 9 pakhomo pa makolo ake chifukwa cha nyimbo?

Yankho: Mayi, zimene munawerengazo n'zoona. Kwayayi imawerenga zaka zake kuyambira mu 1212, ndipo mu 2012 mzinda wa Leipzig unachita chikondwerero cha zaka 800. Kuimba ndi kugonera kusukulu zinabadwira pamodzi, chifukwa kwa zaka mazana ambiri bedi, mbale ya chakudya ndi maphunziro ndiwo anali malipiro a mwana woimba. Mukagwira mfundo imeneyi, mbiri yonseyo imveka.

Mu 1212, Dietrich, yemwe ankalamulira dera la Meissen, anakhazikitsa nyumba ya ansembe a chipani cha Augustino Woyera pa tchalitchi cha Thomaskirche, ndiye kuti cha Tomasi Woyera. Ansembe oterowo ankapemphera moimba kangapo pa tsiku, kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndipo zonse zinali m'Chilatini. Ankafuna ana odziwa kuwerenga Chilatinicho ndi kuloweza Masalimo. Mwana wokhala kutali sakanafika pa pemphero la mbandakucha m'nyengo ya chisanu, choncho ankamusunga pomwepo, kumudyetsa, kumuveka ndi kumuphunzitsa, iye n'kumabweza ndi mawu ake. Kwa mwana wa mmisiri wosauka kapena wamasiye, imeneyi inali njira imodzi mwa zochepa zofikira ku maphunziro apamwamba.

Za atsikana, yankho lake lili pa mmene mpingo wa nthawiyo unkaonera zinthu. Kuimba pafupi ndi guwa kunkawerengedwa ngati gawo la ntchito ya otsogolera mapemphero, amene anali amuna okhaokha, ndipo mawu a pa 1 Akorinto 14:34, akuti akazi akhale chete mumpingo, ankawamasulira kuti akukhudzanso kwaya. Nyimbo zitayamba kulembedwa m'mawu angapo oyendera limodzi, panafunika wina wokwera pamwamba pamene bambo wandevu sangafike. Ntchito imeneyo inagwera anyamata amene sanathe msinkhu. N'chifukwa chake makwaya otere anabuka m'madera ambiri a ku Ulaya. Ya ku Regensburg imati inayamba mu 975. Ku King's College ku Cambridge, Mfumu Henry VI inakhazikitsa koleji mu 1441 n'kulamula kuti pakhale anyamata oimba 16. Ya ku Vienna imawerengera kuyambira mu 1498, m'masiku a Mfumu Maximilian I. Ku Dresden, komwe sikuli kutali ndi Leipzig, kulinso Kreuzchor, yomwe nayonso yapitirira zaka 800.

Ku Leipzig zinthu zinasintha ndi kubwera kwa Martin Luther. Mu 1519, pamene Luther ankatsutsana poyera ndi Johann Eck mumzindawu, mwambo wotsegulira unachitikira m'tchalitchi chomwechi, ndipo anyamata a sukuluyi anaimba Misa motsogozedwa ndi mphunzitsi wawo Georg Rhau. Patatha zaka 20, mu 1539, mzinda unalowa Chilutera, ndipo Luther mwiniwake analalikira m'Thomaskirche pa Pentekoste. Nyumba ya ansembe inatsekedwa, ndipo mu 1543 sukulu ndi kwaya zinapita m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Mpaka lero ndi momwemo: kwaya imaimba m'tchalitchi, koma mwini wake ndi mzinda, ndipo mtsogoleri wake, wotchedwa Thomaskantor, amalembedwa ntchito ndi khonsolo. Ndimakhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zimene zinaipulumutsa, chifukwa mafumu ndi maboma asinthasintha, koma mzinda sunachoke pamalo pake.

Ndalama za khonsolo ndi mphatso za anthu olemera sizinkakwana, ndiye anyamata ankafunika kuzisaka okha. Ankavala zikhoti zakuda n'kumayenda m'misewu, kuima pakhomo ndi pakhomo, kuimba nyimbo za Mulungu, wina atanyamula kabokosi kolandirira ndalama. Mwambowu unkatchedwa Kurrende, ndipo Luther naye anauchitapo ali mnyamata ku Eisenach. Nthawi yokolola kwambiri inali ya Chaka Chatsopano, pakatikati pa nyengo yachisanu, moti ana ankabwerako atasasa mawu. Ankaimbanso pa maukwati, koma makamaka pa maliro. Banja lolemera linkalipira kuti sukulu yonse iperekeze bokosi mpaka kumanda, losauka linkapeza anyamata ochepa. Kugwe mvula kapena matalala, ana ankatuluka m'kalasi n'kulondola mtembo akuimba.

Tsopano ndifike pa munthu amene anachititsa kuti dzina la kwayayi limveke dziko lonse, Johann Sebastian Bach. Iyeyu moyo wa mwana woimbira chakudya ankaudziwa bwino. Makolo ake onse anamwalira asanakwanitse zaka 10, ndipo mu 1700, ali ndi zaka 15, anapita kutali ku Lüneburg komwe sukulu ina inamulandira chifukwa cha mawu ake, n'kumupatsa pogona ndi maphunziro. Atamwalira mtsogoleri wa kwaya, Johann Kuhnau, mu 1722, khonsolo ya Leipzig sinayambe yaganizira Bach. Inafuna Georg Philipp Telemann, koma mabwana ake ku Hamburg anamukwezera malipiro ndipo anakhala. Inayesa Christoph Graupner, koma bwana wake ku Darmstadt anamukaniza. Bach anatenga udindowu mu 1723 ndipo anaugwira zaka 27, mpaka imfa yake mu 1750.

Iye ndi banja lake ankakhala m'nyumba ya sukulu momwemo, khoma limodzi ndi ana. Anyamata ankadzuka 5 koloko m'nyengo yotentha, 6 koloko m'nyengo yozizira. Aphunzitsi akuluakulu ankasinthana mlungu ndi mlungu kuyang'anira chigonero, kuona kuti ana adzuka, apemphera, adya ndiponso agona, ndipo Bach naye inkamukwana nthawi yake. Anayeneranso kuphunzitsa Chilatini, koma anasankha kulipira mphunzitsi wina kuti azimugwirira. Nyumbayo inali yakale ndi yopanikiza, mpaka mu 1731 ndi 1732 pamene anaikonza n'kuwonjezera nsanjika ziwiri.

Taganizani mlungu umodzi wa zaka zake zoyambirira kumeneko. Pafupifupi Lamulungu lililonse ndi tsiku lililonse lachikondwerero pankafunika nyimbo yaitali yotchedwa kantata, ya mphindi 20 kapena kuposerapo, ya oimba ndi zoimbira, yogwirizana ndi Uthenga Wabwino wa tsikulo. Pa chaka zinkafika pafupifupi 60, ndipo m'zaka zoyambazo zambiri ankapeka yekha. Akamaliza kulemba, ophunzira akuluakulu ndi a m'banja lake ankakhala pansi ndi nthenga ndi inki kukopera gawo la aliyense: la sopulano palokha, la aluto palokha, la vayolini palokha. Mapepala ena mwa amenewa alipo mpaka lero, ndipo akatswiri amazindikira dzanja la mwana aliyense amene anakopera, ndi pamene Bach anadutsamo kukonza zolakwika. Kuyeserera kunali kwa masiku owerengeka, kenako Lamulungu m'mawa, m'tchalitchi chozizira chopanda moto, ana aja ankaimba nyimbo zimene lero akatswiri akuluakulu amazikonzekera milungu. Nyimbo yake ya Masautso a Yesu monga analembera Yohane inamveka koyamba pa Lachisanu Loyera mu 1724, ndipo ya Mateyu mu 1727. Mbali ya sopulano m'nyimbo zimenezi anailembera pakhosi pa anyamata amene ankawamva akuthamanga m'makonde a nyumba yake.

Musaganize kuti onse anali akatswiri. Mu Ogasiti 1730 Bach analembera khonsolo kalata yodandaula. Anati ogonera pasukulu alipo 55, ndipo ayenera kugawidwa m'magulu anayi kuti atumikire matchalitchi anayi a mumzinda. Kenako anatchula mayina a 54 mwa iwo n'kuwaika m'magulu: 17 otha kugwiritsidwa ntchito, 20 amene sanafikepo, 17 osayenera konse. Inu amene mumaphunzitsa ana mukudziwa kuwawa kwa kuwerengera koteroko. Chomwe chinkamupweteka n'chakuti akuluakulu ankalandira ana opanda mphatso ya kuimba m'malo amene anayenera kukhala a oimba. Chaka chomwecho analembera mnzake wakale kuti ndalama zake zimafika pafupifupi ma thaler 700 pa chaka, koma zambiri zimachokera pa maukwati ndi maliro, moti chaka chimene mphepo inali yabwino ndipo anthu sanamwalire ambiri, anataya oposa 100. Umu ndi mmene moyo wa sukulu yonse unamangirikira ku manda a mumzinda.

Nkhani ina ya nthawi imeneyo ikukhudza funso lanu lomaliza. Popeza Bach sakanakhala m'matchalitchi anayi nthawi imodzi, ophunzira akuluakulu, mapulifekiti, ndiwo ankatsogolera magulu enawo ndi kusunga mwambo. Mu 1736 pulifekiti wamkulu anakwapula ana aang'ono amene anachita phokoso pa ukwati. Hedimasitala, Johann August Ernesti, analamula kuti iyenso akwapulidwe pamaso pa sukulu yonse, ndipo mnyamatayo anathawa osabweranso. Ernesti anaika wina amene Bach ankamuona kuti sangathe kutsogolera nyimbo, mpaka Bach anachita kumuthamangitsa pamalo a kwaya mapemphero ali mkati. Mkanganowo unatenga pafupifupi zaka ziwiri. Pansi pake panali funso limene silinathe mpaka lero: kodi malowa ndi sukulu yomwe ili ndi kwaya, kapena ndi kwaya yomwe ili ndi sukulu?

Zaka zotsatira ndidutsamo mofulumira. Mu 1789 Mozart, wopeka nyimbo wotchuka, anafika ku Leipzig, anamva anyamatawa akuimba nyimbo ya Bach ya makwaya awiri, ndipo anapempha kuti aone mapepala ake. M'zaka za m'ma 1800 kuimba m'misewu kunatha. Mu 1881 ogonera anasamukira m'nyumba yatsopano mumsewu wa Hillerstraße, yomwe anyamata amaitchula kuti Kasten, kutanthauza bokosi, ndipo nyumba yakale imene Bach ankakhalamo inagwetsedwa mu 1902. Karl Straube, yemwe anakhala mtsogoleri kuyambira mu 1918, ndiye anayamba kupita nawo kunja kwa dziko mu 1920, ndipo kuyambira mu 1931 makantata a Bach anayamba kumveka pa wailesi. Apa m'pamene kwaya ya mapemphero a mumzinda umodzi inasanduka kwaya ya dziko lonse lapansi.

Kutchukako kunakopa andale. Mu 1937 boma la Hitler linalowetsa kwayayi m'gulu lake la achinyamata. Pa 4 Disembala 1943 mabomba anawononga kwambiri mzinda wa Leipzig, ndipo anyamata anawasamutsira ku tauni ya Grimma mpaka nkhondo itatha mu 1945. Kenako Leipzig inagwera ku East Germany, dziko lachikomyunizimu limene silinkakonda chipembedzo, koma linkanyadira kwayayi ikapita kunja. Choncho kwa zaka 40 ana ophunzira m'sukulu za boma lokana Mulungu ankaimba za mtanda ndi kuuka kwa akufa mlungu uliwonse. Boma limenelo litagwa, mtsogoleri wa kwaya wa nthawiyo anachoka pa udindo mu 1991 zitadziwika kuti ankagwirizana ndi apolisi achinsinsi a Stasi. Anamulowa m'malo Georg Christoph Biller, yemwe naye anakulira m'Kasten momwemo. Kuyambira mu 2021 akutsogolera ndi Andreas Reize wa ku Switzerland, Mkatolika woyamba pa mpandowu chiyambire Chilutera mumzindawu.

Lero anyamata alipo pafupifupi 100, a zaka zoyambira 9 mpaka 18. Salowanso chifukwa cha njala. Amayesedwa mawu ndi khutu, ambiri atakonzekera kale zaka zingapo m'makalasi a ana aang'ono. M'chigonero sawagawa potengera zaka: gulu lililonse limasakaniza aang'ono ndi aakulu, ndipo aakulu amayang'anira aang'ono. M'mawa amakhala m'kalasi ngati ana ena onse, masana amayeserera, aliyense amaphunzitsidwa mawu payekha ndiponso choimbira chimodzi.

Mungafunse kuti poti masiku ano kuli magalimoto, bwanji osangobwera kuchokera kwawo? Chifukwa chake chachikulu chili pakhosi pa mwana. Mawu a sopulano a mnyamata ndi duwa la nyengo yochepa. M'masiku a Bach anyamata ambiri ankasintha mawu ali ndi zaka 16 kapena 17. Lero ambiri amasintha ali ndi 13, ena asanafike n'komwe. Ndiye kuti mwana amene walowa ali ndi zaka 9 ali ndi zaka zinayi zokha kuti aphunzire kuwerenga nyimbo papepala, kupuma bwino, kutchula Chilatini ndi Chijeremani chakale, n'kufika poimba nyimbo zovuta ngati za Bach. Kukumana kawiri pa mlungu sikungakwanitse zimenezi. Kumafunika tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti wamng'ono aziima pafupi ndi wamkulu n'kumatola kaimbidwe ndi khutu, monga mmene mwana amatolera chilankhulo. M'mera mpoyamba, ndipo apa poyambapo m'pafupi kwambiri ndi pothera.

Ndinaonapo ndekha tsiku lotere, pa kwaya ina imene ndinkaphunzitsa. Mnyamata amene kwa zaka ziwiri ndinkamudalira pa mizere yokwera anatsegula pakamwa kuti atenge liwu lapamwamba lomwe dzulo lake analitenga mosavuta, ndipo panangotuluka mpweya ndi kaphokoso kosweka. Anayesanso, zomwezo. Anzake awiri anaseka, iye anagwira pakhosi n'kuyang'ana pansi, makutu ali piriwiri. Titaweruka anatsalira n'kundifunsa motsitsa mawu ngati mawa abwerenso. Funso limeneli lakhala likufunsidwa m'sukulu zonsezi, ndipo mmene sukulu imaliyankhira ndi pamene ine ndimaiyezera. Joseph Haydn, yemwe anakula n'kukhala wopeka nyimbo wamkulu, anachotsedwa m'kwaya ya tchalitchi cha Stephansdom ku Vienna cha m'ma 1749 mawu ake atasintha, n'kupezeka mumsewu wopanda pogwira. Ku Leipzig mnyamata sachotsedwa. Amapumitsidwa kuimba miyezi ingapo, amapatsidwa ntchito zina zothandiza kwaya, ndipo mawu akakhazikika amabwerera ngati tena kapena besi mpaka atamaliza sukulu. Anyamata ataliatali amene munawaona m'mizere yakumbuyo m'kanema muja anali pamzere wakutsogolo zaka zisanu zapitazo.

Nanga ndi nkhanza? Sindikubisirani, Mayi: mantha anu ali ndi maziko. Malo amene ana amakhala kutali ndi makolo, pansi pa akuluakulu olemekezeka amene palibe amawafunsa, ndi malo amene zoipa zimabisala mosavuta. Mu 2017 lipoti la kafukufuku wa kwaya ya ku Regensburg linapeza kuti anyamata osachepera 547 anamenyedwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana pakati pa 1945 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makamaka kusukulu ya ana aang'ono yokonzekeretsa oimba. Anthu ankagula matikiti n'kumalira ndi kukoma kwa nyimbo, pomwe ena mwa ana oimbawo ankagona ndi mantha. Palibe nyimbo, ngakhale ya Bach, imene ingalipire zimenezo. Dongosolo loti wamkulu aziyang'anira wamng'ono nalonso lili ndi mbali ziwiri. Likayenda bwino, mwana wa zaka 9 amapeza achimwene omuphunzitsa kuyala bedi ndi kumutonthoza akamalira usiku posowa amayi ake. Likasiyidwa lokha, limabala zija za mu 1736.

Komabe sindinganene kuti kugonerako pakokha ndi nkhanza. Alipo ana amene nyimbo imawayaka m'mtima, amene amasangalala kukhala pakati pa anzawo ofanana nawo, ndipo akakula amakumbukira zaka zimenezo mothokoza. Alipo enanso amene zaka 9 n'zochepa kwambiri kuti achoke pakhomo, ngakhale atakhala ndi mawu okoma chotani, ndipo kuwakakamiza n'kulakwa. Ndikanakhala kholo, ndikanafuna kudziwa ngati mwanayo akufuna yekha, ngati angathe kulankhula ndi kwawo nthawi iliyonse popanda womumvetsera, ngati pali wamkulu wina kunja kwa kwaya amene angakamudandaulire, ndiponso ngati angasiye popanda kuchititsidwa manyazi. Sukulu yokwiya ndi mafunso amenewa sindingaipatse mwana wanga.

Makwaya amtunduwu sanathere ku Ulaya kapena m'zaka zakale. Ku New York sukulu ya kwaya ya St Thomas inayamba mu 1919, ndipo ku South Africa, m'mapiri a KwaZulu-Natal, John Tungay anayambitsa Drakensberg Boys Choir School mu 1967, komwe anyamata amaimba nyimbo za ku Ulaya pamodzi ndi za Chizulu ndi zilankhulo zina za kumeneko.

Khomo la atsikana nalo likutseguka, ngakhale pang'onopang'ono. Tchalitchi chachikulu cha ku Salisbury ku England chinayambitsa kwaya ya atsikana mu 1991, ndipo matchalitchi ambiri a m'dzikomo anatsatira. Ku Regensburg atsikana anayamba kulandiridwa mu 2022, m'kwaya yawoyawo. Ku Berlin, mu 2019, nkhani ya mtsikana wa zaka 9 amene ankafuna kulowa kwaya ya anyamata inafika kukhoti, ndipo khoti linaikira kumbuyo ufulu wa mtsogoleri wa kwaya wosankha mamvekedwe amene akufuna. Maganizo anga ndi awa: chifukwa chakale chotsekera atsikana chinatha ntchito, ndipo mtsikana aliyense ayenera kupeza maphunziro a nyimbo ofanana ndi a mnyamata, ndi aphunzitsi ndi ndalama zofanana. Koma ndimamvetsanso amene amasunga kwaya ya anyamata payokha, chifukwa inunso mwina mwaona kuti m'kwaya yosakaniza ya ana a zaka 11 kapena 12, anyamata amayamba kuchepa mmodzimmodzi, poona ngati kuimba mokwera n'kwa atsikana. Akakhala okhaokha manyazi amenewo sakhalapo.

Thomanerchor ikadali ya anyamata. Nthawi ya sukulu, ngati sali paulendo, amaimba m'Thomaskirche Lachisanu 6 koloko madzulo ndi Loweruka 3 koloko masana, ndipo Lowerukalo nthawi zambiri pamakhala kantata ya Bach pamodzi ndi oimba zoimbira a gulu la mumzindawu lotchedwa Gewandhaus. Amaima pakhonde lam'mwamba kumbuyo kwa tchalitchi, pafupi ndi limba, aang'ono atavala malaya a kolala yaikulu ngati ya amalinyero. Kutsogolo kwawo, kumapeto ena a tchalitchi pafupi ndi guwa, kuli manda a Bach, amene mafupa ake anasamutsidwira kumeneko nkhondo itatha, ndipo chikumbutso chake chakhala pamenepo kuyambira mu 1950.